Ziro za a Mazira

"Mukangolemba njira yachiduleyo, bambo a ana," anatero mkazi wawo akuwamangira mabatani a shati. "Ziro zonse zija ndi dzanja limeneli? Musakadziyalutse."

Aphunzitsi a masamuwo anatenga chikwama chawo nkunyamuka. Chidwalireni, dzanja lawo lamanja linkanjenjemera, ndipo tsikulo ahedi ankabwera kudzakhala nawo m'kalasi kuti aone ngati angapitirize ntchito. Ana awo anali asanamalize sukulu. Ntchito itatha, akanagwira mtengo wanji?

Ophunzira ankawatcha a Mazira chifukwa ziro zawo zinkabulungira bwino. Mutu wa nambala zikuluzikulu ankauyamba mwa njira yawoyawo. Ankalemba kulemera kwa dziko lapansi m'makilogalamu, sikisi ndi ziro zake zonse, ana nkumakopera mpaka zala kuwawa. Akayamba kudandaula, mpamene ankawaonetsa njira yachidule.

"Mthunzi amaudziwa kukoma ndi amene wayenda padzuwa," ankatero.

Koma tsikulo anamvera mkazi wawo. Analemba 6 × 10²⁴ msangamsanga nkubisa dzanja m'thumba. Ahedi kumbuyoko anagwedeza mutu mokhutira.

Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza mkono.

"Sala, ka 24 kali pamwambako ndi kachiyani? Tichulukitse teni ndi 24?"

Anayesa kufotokoza pakamwa, koma ana anangoti kakasi. A Mazira anadziwa kuti mawu awo angopita ndi mphepo. Akanatha kunena kuti tidzaona mawa, nkhani nkuthera pomwepo. Anayang'ana ahedi, anayang'ana mwana uja, kenaka anatulutsa dzanja m'thumba.

Ziro yoyamba inatuluka ngati nyemba. Ina inakana kutsekeka, ina inafanana ndi naini. Choko chinathyoka, anawerama nkutola. Palibe anaseka, ana omwewa amene amaseka ngakhale ntchentche ikatera pamphuno pa mnzawo. Chete ameneyo anawapweteka mtima kuposa kusekedwa.

Anafika kumapeto kwa bolodi thukuta lili kamukamu.

"Tawerenga zirozi, mwanangu."

Mtsikana uja anawerenga akuloza ndi chala, kenaka nkhope inawala. "Ndiye ka 24 kaja kakungotiuza kuchuluka kwa zirozi eti?"

"Basi, wamaliza. Nambala zing'onozing'ono, zomwe timaika mainasi pamwambapo, tidzaona mawa."

Ahedi anawadikirira pakhonde.

"Achimwene, mwaphunzitsa bwino, sindingakunamizeni," anatero maso ali pansi. "Koma inunso mwadzionera nokha. Mawa musavutike kubwera. Kalasiyi aitenga aphunzitsi atsopano aja."

A Mazira anavomera ndi mutu. Analowanso m'kalasi kuti afufute bolodi, koma anapeza ana onse atawerama, akukopera ziro zokhotakhota zija imodziimodzi. Mtsikana uja anadzutsa mutu.

"Sala, tisiye malo a za mawazo?"

"Siyani," anatero, nkutenga chikwama chawo.