Ngalande ya pa Sabata

Lachisanu ntchito za Esnat zinali izi: kutunga madzi pamjigo kudzaza migolo iwiri, kuchapa matewera, kuwaza nkhuni, kuphikiratu nandolo ndi chinangwa chodya mawa, kusambitsa Lilly ndi khanda lomwe linkatsokomola, kusita shati yoyera ya amuna ake. Zonsezi zithe dzuwa lisanalowe, chifukwa likalowa ndiye kuti Sabata layamba, ndipo pa Sabata munthu sagwira khasu. Inatsala ntchito imodzi yokha, kukumba ngalande kuseri kwa nyumba. Ankati akumba masana. Masanawo anathera pa shati ija, yomwe inakana kuuma.

Mvula inali ikugwa chiyambire Lachitatu, osapumira. Nyumba yawo inali ya zidina, njerwa zosaotcha, yomangidwa pamene minda ya tiyi ya esiteti imathera, phiri lonse lili pamwamba pake. Kumunsi pang'ono kunali nthochi, ndipo kuseri kwa nthochizo kunali nyumba ya mkulu wake wa Esnat, Marita, nayonso ya zidina.

Loweruka m'mawa Esnat anazungulira kuseri. Madzi ofiira ankatsika m'mizere ya tiyi n'kudzaima pakhoma la kuchipinda. Anakanikiza chala pakhomapo. Chinalowa ngati m'phala lozizira.

"Bambo a Lilly, tabwerani mudzaone."

Reinford anatuluka atavala kale shati ija, Baibulo lili m'jumbo. Anayang'ana khoma, anayang'ananso kumwamba.

"Dzuwa likalowa ndikumba."

"Mudzakumba pofukula mbale zathu."

"Ine ndine dikoni, amayi a Lilly. Anthu akandiona ndi khasu lero, ndikaima bwanji kutsogolo?"

"Kaimeni. Mukapempherenso kuti khomali lidikire madzulo."

 Reinford anatambasula ambulera n'kutsetsereka ndi njira. Posakhalitsa Marita anatseka nyumba yake ndi loko, ana ake atatu atafunda pulasitiki imodzi.

"Esnat, sukupita kutchalitchi?"

"Mwana akutsokomola, achemwali."

Marita anayang'ana chimene mng'ono wake anabisa kumbuyo. "Khasulo nalonso likutsokomola?"

Atapita, Esnat anagoneka ana pabalaza, kutali ndi khoma lonyowa lija, n'kuyamba kukumba. Nzeru yake inali yakuti ngalande iyambire pakona, idutse m'mbali mwa nthochi, ilambalale nyumba ya Marita, ikathire kukhwawa. Kumutu kwa ngalandeyo anasiya dothi lotchinga, kuti madzi asalowemo asanamalize. Inali ntchito ya amuna awiri tsiku lathunthu. Iye anali yekha, dothi likumata kukhasu, manja atatuluka matuza n'kuphulika.

Anali atangofika pa nthochi pamene mvula inawonjeza mphamvu. Atathamangira kunyumba anapeza madzi afika m'mawondo, khoma litachita mng'alu kuchokera pawindo mpaka pansi. M'katimo khanda linkatsokomola.

Anaima pa dothi lotchinga lija. Kukhwawa kunali kudakali kutali. Anadziuza kuti nthochi zimwa madziwo. Ankadziwa bwino kuti nthochi sizingamwe mtsinje.

Anatema kawiri, dothi linagumuka.

Madzi anachoka pakhoma lake monga anafunira. Anathamanga m'ngalande, anapyola m'nthochi osaima, anakawomba kuseri kwa nyumba ya Marita. Esnat anawatsatira, n'kuyamba kukumba pamenepo ngati wamisala kuti awakhotetse. Mpini unathyoka. Anapala ndi manja. M'nyumba yokhomayo munali mbuzi ya bere imene Marita anaimangirira kuopa mvula, ndipo inkalira mosalekeza. Esnat anamenya loko ndi mwala, loko osatheka.

Cha m'ma leveni khoma lakuseri linakhala pansi, linzake ndi denga zinatsatira. Mbuzi inasiya kulira.

Anthu anabwera kuchokera kutchalitchi nsapato zili m'manja. Marita sanalire. Anaima pamatope pamene panali chipinda chake, maso ake anatsata ngalande ija kukwera m'nthochi mpaka pakona ya nyumba ya mng'ono wake. Kenaka anayang'ana manja a Esnat, ofiira ndi dothi ndi magazi.

"Wakumba bwino, m'bale wanga," anatero. "Yowongoka."

Nyumba ya Esnat inaima, ndipo ilipobe, mng'alu uja atauzira. Kwa Marita kunapita makoma awiri, malata asanu ndi limodzi, matumba atatu a chimanga, mbuzi ya bere, makope a ana ndi khadi la kusikelo la wamng'ono. Reinford anaimitsidwa udikoni chifukwa cha khasu lija, ndipo shati yoyera ija tsopano amasita yekha. Chala chapakati cha Esnat chinatupa n'kuuma, sichipindika, moti nyengo yothyola tiyi akapitawo a kuesiteti anamubweza pachipata.

Marita ndi ana ake anagona pabalaza pa Esnat miyezi inayi, chifukwa kunalibe kwina. Ankaphika paokha. Akafuna mchere ankapita kukapempha kunyumba yachitatu.