Akaunti ya Arlete ndi mvuu za ku Kavalamanja

Pa 14 Malichi 2024, kampani ina yaikulu ya kunja inatseka akaunti ya Arlete ya pa intaneti. Uthenga wake unali waufupi: makina athu aona zokayikitsa. Pa akauntiyo panali gulu la asodzi a ku Kavalamanja, ndipo m'mawa uliwonse Arlete ankalembapo malo amene mvuu zaonekera kuti mabwato azilambalala. Mlungu wotsatira mvuu inagubuduza bwato la mlongo wake Américo. Anapulumuka, koma mwendo anakamusoka kuchipatala ku Katondwe.

Arlete anapempha kampaniyo kuti imuuze chimene analakwa. Anamuyankha makina omwewo, ndi mawu omwewo.

Mu Meyi a Langford, mkulu wina wa bungwe la boma loyang'anira za mafoni, anabwera ku Boma kudzamva madandaulo a anthu. Arlete anawafotokozera mmene foni imagwirira ntchito kwawo. Padooko imagwira netiweki ya ku Zimbabwe. Akapita kukagulitsa nsomba ku Boma imagwira ya ku Zumbo, ku Mozambique. Ya Zambia imapezeka pakaphiri ka kusukulu. Komanso asodzi opanda foni ankalowera mu akaunti zawo pa foni yakeyo.

A Langford anati mwina makinawo anamuyesa wakuba, poona foni imodzi ikudumpha maiko atatu ndi maina ambirimbiri. Arlete anafunsa ngati ndi mwina kapena ndi zoona.

"Mwina, amai. Sitinaonepo mkati mwake. Tinapempha, akuti ndi chinsinsi cha malonda."

Arlete anayankha mosakweza mawu.

"Bwana, a zansomba akafika kwathu amapisa zala m'maso mwa ukonde. Akapeza maso ang'onoang'ono amautentha ife tikuona. Palibe msodzi amene amati ukonde wanga ndi chinsinsi. Nanga awa, ukonde wawo amauyeza ndani?"

A Langford sanatsutse. Nawonso zinkawanyansa. Anati kampaniyo ilibe ofesi m'dziko muno, ndipo iwo alibe mphamvu yoikakamiza kutsegula makina ake. Analonjeza kuti akaitchula nkhaniyi ku Lusaka.

Arlete anatsegula akaunti ina n'kutsatira "mwina" uja wa a Langford ngati lamulo. Foni ankaiyatsa pakaphiri pokha. Analeka kubwereka aliyense, mpaka ena anayamba kumunena kuti wayamba matama. Ankayamba wazungulira m'mbali mwa madzi kuyang'ana mvuu, kenako n'kukwera phiri, ndipo pamene uthenga unkafika mabwato ambiri anali atanyamuka kale.

Pa 2 Julayi akaunti yachiwiri inatsekedwanso. Ulendo uno panalibe dziko lachilendo kapena dzina la munthu wina loti n'kuliloza chala.

Yachitatu sanatsegule. Tsopano amaima padooko dzuwa likamatuluka n'kumakuwira mabwato kuti mvuu zili kumunsi kwa chilumba. Amene ali pafupi amakweza nkhafi kusonyeza kuti amva. Amene afika kale pakati pa Zambezi amangopalasabe.