Peg ndi Mapiko a Nkhuku

Mpeni unali kugwa pathabwa kuti go! go! go! pamene a Trevor Hepworth ankalowa m'khitchini, jekete lakuntchito likadali pathupi. Anasuzumira m'mbale imene mkazi wawo Glenda ankaponyamo mapiko ndi mitima ya nkhuku, nameza malovu.

"Lero ndiye ndalota bwino! Nkhuku pakati pa sabata? Mwandikumbukira, mayi."

"Chotsanipo mphunoyo," anatero Glenda osatembenuka. "Zanu ndi nyemba za m'chitini, zili apo. Izi ndi za Peg."

"Ine ndayendetsa basi tsiku lonse kuti ndidzadye nyemba, kanyimbi n'kumadya nkhuku?"

"Si kanyimbi, ndi fereti. Ndikuuzeni kangati?"

"Mphuno yangayi sisiyanitsa."

Afereti a Glenda analipo awiri, tinyama tatitali tofewa, ta miyendo yaifupi ngati likongwe. Makolo a anthu a m'tauni yawoyi ya Barnsley, ku England, ankasaka nato akalulu m'mauna, koma awa ntchito yawo inali kugona m'juzi yakale ndi kuba masokosi. Nobby anali mwana, wosakwana ndi chaka chomwe. Peg anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, zimene kwa fereti ndi ukalamba. Glenda anamutenga kumalo osungirako ziweto zosowa eni chaka chimene mwana wawo womaliza anachoka pakhomo, ndipo ankamukonda mopanda manyazi.

Ndiye Peg yemweyo anali atayamba kudwala. Ankangoima pakati pa chipinda maso ali tong'o, dovu likuchucha, miyendo yakumbuyo n'kufooka. Dokotala wa ziweto anati shuga wa m'magazi ake amatsika mwadzidzidzi. Anapereka mankhwala, nanenanso kuti timibulu touma ta m'sitolo timene Peg anakulira tinali todzaza ndi ufa, ndipo tinkakolezera matendawo. Mimba ya fereti inalengedwera nyama yaiwisi, ndi mafupa ake omwe.

"Koma pang'onopang'ono, mayi," anachenjeza dokotalayo. "Fereti amaphunzira chakudya ali mwana. Chimene sanachilawe ali wamng'ono sachiyesa chakudya ayi. Muzisakaniza ndi chakalecho. Ndipo ameneyu asakhale ndi njala, chifukwa njala imupha msanga kuposa matendawa."

Glenda anamva mbali yoyamba yokha. Anali mayi wa mtima wabwino koma wa phuma. Akamva kuti chakuti n'choipa, ankafuna chituluke m'nyumba tsiku lomwelo.

Nobby sanavute. Anangoona phiko la nkhuku n'kuligwera, mafupa n'kumalira kukhutu kukhutu. Peg ankabwera, n'kununkhiza, n'kumuyang'ana Glenda ngati amupatsa nsapato, kenaka n'kubwerera kumbale yake ya timibulu. Zinakhala choncho mpaka tsiku la nyemba za m'chitinili. Glenda ataika mbale pansi, Peg ananunkhiza nthawi yaitali, naluma phiko limodzi, nathamanga nalo kupita pabalaza. Posakhalitsa anabweranso, natenga lina.

"Mwaona? Mwaona, bambo?" Glenda anaomba m'manja. "Wayamba! Akungochita manyazi kudyera pamaso pa anthu."

"Kuthamanga sikufika, mayi," anatero a Trevor, supuni ili m'kamwa.

"Inu idyani nyemba zanuzo."

Madzulo omwewo Glenda ananyamula thumba la timibulu nakaliponya mubini ya panja. Anabwerako akupukuta manja ngati munthu amene wapirikitsa mfiti.

Masiku otsatira anali okoma. Ankamutsekera Nobby m'khola kuti asalande za mnzake, n'kumuikira Peg mbale yake, ndipo pobwera kokayanika zovala ankapeza mbale ili mbee. Anauza mayi wogulitsa nyama kubutchala, anauzanso akazi anzake kufakitale ya mabisiketi kumene ankagwira ntchito, mpaka ena anayamba kumuzemba nthawi ya tiyi. Chinthu chimodzi chokha chinkamukayikitsa. Akamunyamula Peg, ankamva ngati wanyamula sokosi yopanda phazi. Koma ankadzitonthoza kuti ndi mafuta oipa aja akusungunuka.

Kenaka kunabwera fungo. Linayamba mwaulemu pabalaza, ngati mlendo wongodutsa, kenaka linakhazikika. Glenda anachapa makatani, anakolopa, anasuntha sofa, anatsuka khola la afereti, fungo lili pompo.

"Vulani masokosiwo mukawataye," Glenda anawauza a Trevor.

"Ndavala ochapa m'mawa uno!"

"Ndiye ndi mapazi enieniwo. Mukaonane ndi dokotala."

"Mayi inu, m'nyumba muno muli akanyimbi awiri, koma mlandu wa fungo ukugwera ine wobatizidwa?"

Loweruka masana a Trevor anakumbukira lipenga lawo. Ankaimba m'bandi ya malipenga ya anthu a kumgodi wa malasha, imene inatsala mgodiwo utatsekedwa, ndipo mawa lake kunali kokayeserera nyimbo. Lipengalo linali lalikulu, lamkuwa, lokhotakhota, la kukamwa kotambalala ngati ndowa. Linali litagona chammbali kuseri kwa mpando wawo, bokosi lake lili chitsegukire, kuyambira pamene chimfine chinawaletsa kuimba.

"Tsekani makutu, mayi, katswiri wadzuka."

"Ukaipa dziwa nyimbo, anatero akale," anayankha Glenda ali kukhitchini. "Koma inu zonse ziwiri zinakukanani."

A Trevor anakhala pansi, nakumbatira lipenga, nakoka mpweya, nauzira. Silinalire. Linangobuula ngati ng'ombe yodwala, ndipo mpweya umene unatulukamo unawagwetsa misozi. Anadzambatuka akutsokomola, nalitembenuza, naligwedeza. Pakapeti panagwa phiko la nkhuku lobiriwira. Panagwa lina. Kenaka zinangokhuthuka, mapiko, makosi, mitima, zina zitayamba kale kuyenda zokha.

"Glenda! Tabwera udzaone zimene wachita mwana wakoyu! Lipenga limeneli ankaimba ndi bambo anga! Ndaikapo pakamwa ine! Pakamwa panga penipeni!"

Glenda anafika atatseka mphuno ndi kansalu kopukutira mbale, kuseka kuli pakhosi. Koma atayang'anitsitsa muluwo, kuseka kuja kunazima. Panalibe phiko ngakhale limodzi lolumidwa. Zonse zinali zathunthu, monga momwe anazidulira ndi mpeni wake. Peg sankadya. Ankangotuta n'kukabisa, monga amabisira masokosi ndi makiyi.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Nanga masiku onsewa wakhala akudya chiyani?"

Anathamangira kukhola. Nobby anali kusewera, koma Peg munalibe. Anamupeza kuseri kwa filiji, atagona chafufumimba, maso ali pwee osaona kanthu, dovu litanyowetsa chibwano. Atamunyamula, mutu unangolendewera. Mantha anamugwira Glenda.

"Uchi! Trevor, uchi, msanga!"

A Trevor anaiwala za lipenga. Anagwetsa zitini ziwiri m'kabati asanapeze botolo la uchi. Glenda anaviika chala napaka pang'ono pankhama za Peg monga anamuphunzitsira dokotala, namufungatira pachifuwa, akumusisita msana.

"Usandichite zimenezi, Peg. Dzuka, mayi wanga. Ndalakwa ine. Dzuka."

Panapita kanthawi kamene kwa Glenda kanatalika ngati chaka. Kenaka kalilime kofiira kanatuluka, kananyambita mlomo. Maso anaphethira. Peg anadzutsa mutu, nayetsemula.

A Trevor anali ataimba kale foni kwa dokotala, naikweza mawu kuti onse azimva. Dokotalayo anati uchi umangodzutsa, sukhalitsa. Peg adye nthawi yomweyo chakudya chimene amachidziwa, apo ayi agwanso, ndipo kugwa kwachiwiri kumakhala koipa. Akadya, abwere naye kuti amuone.

"Chimene amachidziwa ndinataya!" Glenda analira. "Galimoto ya zinyalala inatenga kale. Ndipo mtundu umenewo amagulitsa kusitolo ya ku Wakefield kokha. Pofika kumeneko n'kubwerako, ndimupeza ali moyo?"

A Trevor anatsokomola. Anayang'ana kudenga, nayang'ana pansi. Kenaka anapita pamene panapachikidwa jekete lawo lakuntchito, napisa m'thumba, nabwerako dzanja lili lofumbata. Atalifumbatula, munali timibulu tija.

Glenda anawayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Zachokera kuti?"

"Mubini. Ndinakalitola thumba lija mvula isanabwere. Lili m'kanyumba ka zipangizo, kuseri kwa penti."

"Ndiye mwakhala mukumupatsa?"

"Ine ndimapatsa kanyimbi? Amabwera yekha. Ndikakhala pampando amakwera, n'kulowetsa mutu m'thumba. Ndimuletse bwanji, nkhalamba inzanga? Koma dzulo ndinagwira ntchito mpaka mochedwa, ndinamupeza atagona." Anakanda m'mutu. "Ndimayesa ndi zongokometsera pakamwa, mayi. Ndimayesa nyama ija akudyadi."

Glenda sanadziwe kuti awakalipire kapena awapsompsone. Timibulu towerengeka ta m'thumba la jekete ndi timene tinamusunga Peg masiku onsewo. Anatenga tiwiri, natinyowetsa ndi madzi ofunda, natiika pachikhatho. Peg ananunkhiza kamodzi kokha n'kuyamba kudya, mwaphuma, akunjenjemera. Anadya tina, nadyanso tina. Glenda anakhala pansi pakhitchini pomwepo, misozi ikutsika, mtima ukubwerera m'malo mwake.

"Mukanandiuza," anatero.

"Ndikuuzeni inu? Mukanandiponya mubini momwemo."

Dokotala atamupima Peg madzulo ake, anati wapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndipo anabwereza zimene ananena poyamba paja. Ulendo uno Glenda anamva zonse, mutu uli pansi.

Anayambiranso pachiyambi. Ankagaya timibulu, n'kuthiramo madzi ofunda ndi kanyama kogaya kochepa ngati nsonga ya chala, n'kupanga kaphala. Peg anakana. Glenda anamupaka kaphalako pamphuno kuti anyambite pofuna kudzipukuta, koma Peg anakapukutira pakatani. Anayesa supuni, Peg anatembenuza mutu. Phuma lija linayambanso kumukwera Glenda.

"Chonona chifumira kudzira," anadandaula. "Ameneyu sadzasintha."

"Tabweretsani kuno," anatero a Trevor. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anaviika chala m'kaphalako, nalowetsa dzanja m'thumba la jekete, nakhala pampando wawo ngati akuonera mpira. Peg anakwera, nalowetsa mutu m'thumba monga mwa chizolowezi chake. Kunja kunangotsala mchira. A Trevor anatsinzina diso limodzi.

"Akunyambita."

"Bodza!"

"Chala ndi changa, mayi. Akunyambita."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inagawika. Glenda ankagaya, n'kumawonjezera nyama pang'onopang'ono, timibulu n'kumachepa. A Trevor ankapereka chala. Jekete lija linayamba kununkha mpaka anzawo kuntchito anawafunsa ngati ayamba geni ya nyama, ndipo anachita kupempha lina. Kuchoka m'thumba, kaphala kanafika pachikhatho. Kuchoka pachikhatho, kanafika m'mbale. Lipenga analitsuka ndi madzi otentha kangapo konse, ndipo bokosi lake linkakhala lotseka. Glenda anaphunziranso kusakhulupirira mbale yopanda kanthu. Ankakhala pompo mpaka aone pakhosi pakuyenda.

Masamba a mitengo anali atayamba kuyoyoka pamene Glenda anayesanso nyama yosagaya. Linali Lamlungu m'mawa, a Trevor akumwa tiyi. Glenda anadula mtima wa nkhuku pakati, naika chidutswa chimodzi m'mbale, natseka chitseko cha pabalaza.

Peg anabwera, nanunkhiza, nachiluma. Anatembenuka, nayamba ulendo wopita kuchitseko, ndipo mtima wa Glenda unagwa. Koma atayenda pang'ono anaima. Anachiika pansi, nachiyang'ana, nachitolanso. Kenaka anapendeketsa mutu, nachikankhira kumano akumbali, nayamba kutafuna.

Glenda anatsegula pakamwa kuti afuule, koma a Trevor anamugwira mkono.

"Musapume n'komwe, mayi," ananong'ona. "Angasiye."

Anakhala choncho anthu awiri akuluakulu, tiyi akuzizira, akuonerera kanyama kakutafuna mtima wa nkhuku. Peg anameza, nanyambita pansi pamene panali magazi, nabwerera kumbale kukafuna china. Atapeza mulibe, anakanda phazi la Glenda.

Glenda anawerama namunyamula. Dzanja lake linamva kulemera kumene linali litaiwala.

"Bambo," anatero mwachimwemwe, "tandipatsirani chidutswa chinacho."