Mahewu Ochokera Kumwamba

Biswick anali asanakwerepo ndege ina kupatula imene inamubweretsa ku London, koma kutchalitchi ku Thamesmead aliyense ankadziwa kuti ku Joni ankazimitsa moto wa m'nkhalango ali mumlengalenga. Nzeruzo anazitola kwa nkhalamba ina ya ku Canada imene ankaisamalira kunyumba ya okalamba ku Lewisham. Nkhalambayo ikamalongolola, iye ankangomeza: sipota ndi kandege koyang'ana kumene moto ukulowera, bomba ndi chindege chokhuthula madzi, ritadanti ndi chiphala chofiira chomata pa udzu. Lamlungu ankazilavula zonsezi ngati zake. Pakamwa pokha Mulungu anamupatsa mosaumira.

Tsono m'chilimwe cha 2006, udzu utauma gwa, kunabwera a Abednego, malume ake a Etta, kudzaona munthu amene ankafuna mwana wa mlongo wawo. Banjali linali la ku Zimbabwe koma kwawo kwenikweni ku Ntcheu, ndipo popanda mawu a malume ukwati panalibe. Biswick ankamukonda Etta zenizeni, moti tsikulo anadzuka ndi mantha.

Anthu ankawotcha nyama pabwalo, m'munsi mwa fulati ya Etta. Biswick atakwera kukatenga zakumwa, khala linagwera pa udzu, moto n'kuyamba kuyenda.

"Katswiri tili naye!" anakuwa mayi wina. "A Biswick, chitanipo kanthu!"

Akanangotsika n'kuupondaponda, nkhani ikanathera pomwepo. Koma bodza lili ngati mwana, ukalibereka umalilera. Anatulukira pakhonde la m'mwamba atasenza chidebe cha mahewu, poti ndi okhawo amene ankafanana ndi ritadanti.

"Ine bomba, Etta iwe sipota! Mphepo ikulowera kuti?"

"Tatsika, iwe!" anayankha Etta.

"Clear the line!" anakuwa Biswick, kuuza anthu kuti apatuke.

Anakumbukira lamulo la nkhalamba ija: suthira pamoto penipeni, umathira kutsogolo kwake kuti ukafika upeze ponyowa. Lamulo labwino ndithu. Kungoti kutsogolo kwa motowo kunali a Abednego, atavala suti yawo ya ku Harare, akuumenya ndi nthambi.

Khuthu! Chidebe chonse.

Amene anauzimitsa motowo anali Etta, ndi thaulo lonyowa. Biswick anatsika n'kugwada pa udzu wopserera.

A Abednego anapukuta magalasi awo mosafulumira, mahewu akudontha kuchibwano.

"Etta, munthu wake ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyo, malume."

"Anaulutsapo ndege ameneyu?"

"Ngakhale njinga amachita kuikankha. Koma tayang'anani enawa."

A Abednego anacheuka. Amuna onse a patchalitchi anali ataima kutali kumpanda, aliyense atakumbatira mbale ya nyama imene anaipulumutsa.

A Abednego anamuyang'ana Biswick, kenako ananyambita milomo.

"Shuga wachepa," anatero. "Dzuka, mkamwini. Ankhoswe ako abwere, koma adzere pansi."