Jombo za Pakhomo pa Telala

Telala ankapinda siketi ya sukulu pamakina pomwe anamva odi. Pakhonde panaima bambo wa ku ofesi ya penshoni, fayilo ili m'khwapa. Kumbuyo kwake kunali mlamu wake wa Telala, mchemwali wa malemu mwamuna wake, atagwira m'chiuno.

Malemuyo anali mlonda wa nkhalango za boma. Chimwalirireni, Telala ankalandira penshoni ya amasiye, koma lamulo lake linali loti akangokwatiwanso, yathera pompo.

"Mayi, talandira kalata yoti m'nyumba muno muli mwamuna," anatero bamboyo, mpando n'kuukana.

"Ndalemba ndine, sindibisa ayi," mlamuyo analowerera. "Taonani jombo izo. Tsiku lililonse zili pakhomo. Achimwene anga anakhetsa thukuta zaka zonse zija kuti azidyerera amuna anzawo?"

Telala anayang'ana jombozo. Anaziika yekha pamenepo akuba atayesa kuthyola zenera, maliro atangotha, kuti odutsa aziganiza kuti mwininyumba alimo. Sanauzepo munthu. Ankachita nazo manyazi.

"Alamu, jombo za achimwene anu omwe simukuzidziwa? Pogawa katundu paja munanyamula ndi masipuni omwe, izi zinakuphonyani bwanji?"

"Usandilankhule choncho, iwe! Mutulutse mwamunayo!"

"Lowani mukamutulutse nokha. Musuzumire ndi kunsi kwa bedi, mwina mupezako wanu anakuthawani uja."

Mlamuyo anataya chikwama pansi n'kupinda manja a bulauzi. Bamboyo anaima pakati pawo.

"Ine sindinabwerere ndewu, amayi inu."

Anawerama, n'kutola jombo imodzi, n'kuizondotsa kuti aone kuphazi ngati kuli matope atsopano. M'katimo munatuluka mavu atatu. Imodzi inamutera pamkono. Anakuwa, jombo n'kuiponyera uko, fayilo n'kumwazika. Pa simenti panagwa chisa cha mavu, chachikulu ngati chibakera cha mwana.

Anatolera mapepala ake akutsonya, mkono ukutupa.

"Jombo izi phazi silinalowemo chaka chino. Penshoni ipitirira. Sainani apa, mayi, ndizipita. Inuyo, mukadzalembanso bodza ngati ili, tikakumana kupolisi."

Telala anasaina. Bamboyo anachoka osatsanzika.

Mlamuyo anathyola kamtengo, n'kukoloweka jombo zonse ziwiri, akuzitalikitsa ndi thupi lake.

"Ndi za kwathu izi. Ndatenga."

"Zisiyeni, alamu. Chonde."

Mawu akuti chonde aja anatuluka okha, ndipo mlamuyo anawamva bwino. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana zenera lokhomedwa ndi matabwa, n'kumwetulira. Atafika pamsewu, pomwe anyamata ankatchova juga pafupi ndi okala, anakweza jombozo m'mwamba.

"Mwamva nonse? Boma latsimikiza! M'nyumba umu mulibe mwamuna! Amagona yekhayekha!"

Anyamata aja anasiya makadi n'kucheuka. Telala analowa m'nyumba, nakhoma chitseko dzuwa lili paliwombo.