Njinga ya Mkamwini

Njinga yamoto ya Micheal Nampuluma inali yakale kuposa ana ake onse. Bambo ake, omwe anali mlangizi wa zaulimi, anaigula iye ali kupulayimale, ndipo atamwalira anamusiyira iyeyo. Kwa Kaduya, kumene Micheal ankakhala chikamwini, munda unali wa akuchikazi, malo a nyumba a akuchikazi, ngakhale mitengo ya mango ya pakhomo inali yawo. Chake chenicheni chinali njingayo basi, ndipo sankabwereka munthu.

Tsiku limenelo mwana wake wamkulu, Praise, anali ataitanidwa ku Boma kukafunsidwa mafunso a ntchito ya zaumoyo. Anali atadikira mwayi wotere zaka zambiri chimalizireni sukulu. Micheal anali atangobwera chadzulo lake kuchokera kumaliro kwawo, kumene anakhala pafupifupi sabata, ndipo analonjeza kuti akamutula yekha.

Praise anatuluka atavala siketi yakuda yositidwa bwino. Micheal anatulutsa njinga, natsegula petulo, naponda kiki. Sinalire. Anaponda kachiwiri, kachitatu, mpaka thukuta linayamba kudontha pachibwano. Injini inkangopuma ngati ng'ombe yotopa.

Anauza mwanayo kuti asade nkhawa, ndi zazing'ono. Anagwedeza thanki, petulo analimo. Anamasula pulagi ndi sipanala, naipeza yonyowa ndi petulo. Ndiye kuti mafuta ankafika, vuto linali moto. Anaipukuta, naigunditsa pa injini, nauza Praise kuti aponde kiki iye akuyang'ana. Panalibe kuthetheka ngakhale pang'ono. Anayesa pulagi ina yomwe ankasunga m'kachitini, koma zinali chimodzimodzi.

Atamasula chivundikiro cha m'mbali mwa injini, munatuluka madzi ofiira. M'kati monse munali matope, ndipo mapointi, tizitsulo tiwiri timene timagundana kuti moto upite ku pulagi, anali atachita dzimbiri. Micheal anatapa matopewo ndi chala. Unali mchenga wa mumtsinje. Iye chikhalireni sanawolokepo madzi ndi njingayo. Ankalolera kuzungulira ku mlatho ngakhale kutali.

Anaitana mkazi wake Ida, namuonetsa chalacho. Ida anayamba wanena kuti mwina ndi mvula yolowera padenga. Kenako, ataona nkhope ya mwamuna wake, anavomera kuti mchimwene wake Goodman anabwera kudzapempha kiyi kuti akatule matumba a nandolo kutsidya, ndipo iye analephera kumukaniza. Njinga inazima pakati pa mtsinje, anaibweretsa chokankha. Goodman anati ikauma ilira yokha.

Micheal anaponya sipanala pakhoma mpaka dothi linagumuka. Anafunsa Ida chifukwa chimene sanamuuzire dzulo, nthawi yokonza ilipo. Ida anati ankaopa mkangano. Micheal anati mkangano umene ankauthawawo ndi uwu, ndipo wabwera pa tsiku la mwana wake.

Praise ananena motsitsa mawu kuti bola akwere kabaza. Bambo ake anakana. Anati mwana wake sangakafike ku ofesi ali fumbi lokhalokha pakaliyala, njinga ili pakhomo. Adikire pang'ono.

Anagwada, napukuta matope ndi kansalu koviika m'petulo, napala mapointi ndi kachidutswa ka sandipepala mpaka anawala. Praise ataponda kiki, moto unaoneka, koma wofooka, wachikasu, wongobwera nthawi zina. Anatsata ndi zala waya wochokera ku koyilo, kachipangizo kotumiza moto ku pulagi, ndipo pansi pa thanki anapeza pamene wayayo anaduka. Wina anali atamulumikiza mongopotokola, n'kukulungapo ndi kachidutswa ka jumbo ya shuga.

Micheal akadali chigwirire wayayo, Goodman analowa pakhomo akutafuna nzimbe. Anapereka moni, nafunsa za kumaliro, kenako anati mwamwayi alamu abwera, chifukwa kwatsala matumba ena oti akatule.

Micheal anaimirira pang'onopang'ono. "Alamu, njinga iyi munaigula ndinu?"

Goodman anaseka, nalavula makoko a nzimbe. Anati chitsulo chokalamba ngati chimenecho sichoyambanirana pachibale, ndipo chinali chakufa kale asanachigwire. Micheal atamukankhira jumbo ija kumaso, kuseka kunatha.

"Mukudya za m'munda mwathu, mukugona padothi lathu," anatero Goodman. "Chimene chili pakhomo pano n'cha pakhomo pano. Ngati simukufuna, njira ya kwanu mukuidziwa."

Micheal anamugwira malaya pakhosi. Ida analowa pakati akulira, anthu oyandikana nawo anathamangira, ndipo amayi ena okalamba anayamba kukalipa m'Chilomwe, osadziwika amene ankamukalipira. Micheal anakumbutsa Goodman za zaka zonse zimene analima munda umenewo Goodmanyo akuyendayenda ku Mozambique, za denga la apongozi limene anafolera yekha. Goodman anayankha kuti imeneyo ndiyo ntchito ya mkamwini. Anawalekanitsa asanamenyane, koma batani la malaya a Goodman linatsala m'manja mwa Micheal.

Phokoso litachepa, Praise panalibe. Ida anati wapita kalekale, wakwera kabaza pamsewu.

Micheal anabwerera pa njinga ija. Anadula mbali yowola ya waya, nasenda mwatsopano, nalumikiza bwino ndi tepi. Chifukwa cha ukali, kasikuluwu kena kanamupulumuka n'kugwera m'fumbi, anakafufuza chogwada akutukwana. Atayesanso, moto unathetheka wabuluu. Anabwezera pulagi, ndipo ataponda kiki njinga inatsokomola, n'kulira, utsi uli tolotolo pabwalo lonse.

Anathamanga nayo kuposa mmene anachitirapo. Anamupeza Praise atatsala pang'ono kulowa pa Boma, atakhala chammbali pakaliyala, siketi ija itayera ndi fumbi. Anaimika kutsogolo kwa wakabazayo, namuuza mwanayo kuti atsike akwere.

Praise sanatsike. Maso ake anali ofiira koma ouma.

"Bambo, ndinakuuzani kuti ndikuchedwa, simunandimve. Munamva amalume atanyoza njinga. Pitirirani, akabaza."

Wakabaza anayang'ana Micheal, kenako anapalasa. Micheal anawatsatira pambuyo pang'onopang'ono, injini ikulira, anthu a m'mbali mwa msewu akudabwa kuona njinga yamoto ikulondola kabaza.

Praise anafika mayina atayamba kale kuitanidwa, lake litadutsa. Anachonderera, ndipo anamulola kulowa pomalizira penipeni. Micheal anadikira pansi pa mtengo mpaka dzuwa linapendeka, osadya kanthu. Mwanayo atatuluka anangoti zayenda mmene zayendera, nakwera kumbuyo. Njira yonse anagwira chitsulo cha mpando, osati m'chiuno mwa bambo ake monga ankachitira.

Nkhani ija inapita kwa ankhoswe. Anagamula kuti Goodman analakwa kutenga chinthu cha mwini, ndipo Micheal analakwa kugwira mlamu wake pakhosi, choncho apepesane. Micheal anati apepesa Goodman akayamba. Goodman anati sangapepese mlendo pamudzi pa amayi ake. Palibe amene anayamba.

Sabata yotsatira Micheal anapita ndi njingayo kwa mlongo wake Hilda, amene amakhala pafupi ndi msika wa pa Boma, naitsekera m'chipinda chosungira chimanga. Anabwerera kwa Kaduya wapansi. Mayina a olembedwa ntchito atatuluka, la Praise linalipo, koma anamutumiza ku chipatala chaching'ono chakutali, cha kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Tsiku lonyamuka, Ida anafunsa mwamuna wake ngati akatenge njinga kuti akamutule. Micheal anati afunse mwiniwake wa ulendowo. Praise anati katundu ndi wambiri, akwera minibasi.