Fakitale Yopanda Utsi

Lolemba lina mu 1994, kalaliki anauza Gopiram kuti asavutikenso kukoleza moto, khitchini aipereka kwa kontalakita wa ku mzinda wa Jaipur. Panalibe kalata, panalibe chenjezo. Kachipinda ka kuseri kwa khitchini, momwe ankakhala ndi mkazi wake Sugna, anati atulukemo pofika Lachisanu. Anali ataphika timikate ta chapati zaka zisanu ndi zinayi pa sukulu ya boma yophunzitsa alangizi a zaulimi, koma dzina lake linali likadali m'buku la aganyu.

Ine ndimagulitsa tiyi pageti pa sukuluyo. Ndinalekeza sitandade 4, koma pageti pamadutsa maphunziro ambiri kuposa m'kalasi.

Gopiram sanapite kukadandaula kulikonse. Kwathu kuno timakula tikumva kuti boma ndi mayi ndi bambo, ndiye mwana angasumire bambo ake? M'malo mwake, m'mawa uliwonse ankaima pageti ataphatikiza manja pachifuwa, kudikira galimoto ya bwana wamkulu. Pa chikondwerero cha Diwali anawapititsira bokosi la maswiti. Bwana anadya maswitiwo. Ndinamuseka kuti achimwene, mukapitiriza chonchi akulembani ntchito ya chipilala cha geti, koma iye sanaseke. Anali atasamukira m'kachisakasa ka malata pafupi ndi mgodi wa miyala, ndipo Sugna anali atayamba kutsokomola.

Patatha miyezi khumi ndi inayi, a Hamida, mayi wamasiye yemwe anakalambira akutaipa makalata ku bungwe la ogwira ntchito pafakitale ya nsalu, anamupeza pa benchi langa. Anamufunsa ngati anapitako ku ofesi yoona za apantchito. Gopiram anati kalaliki anamuuza kuti lamulo limenelo ndi la m'mafakitale, pomwe kuno ndi kuboma, sagulitsako kanthu, ngakhale utsi kulibe.

"Utsi wa m'khitchini muja unkapuma ndani?" anatero a Hamida. "Mwana wanga, lamulo siliyang'ana utsi kapena phindu. Limafunsa ngati pali olemba ntchito ndi olembedwa, ogwira mwadongosolo kuti anthu athandizike. Boma likamalamulira dziko, imeneyo ndi nkhani ina. Likamaphunzitsa alangizi ndi kuwadyetsa, ndi bwana ngati mabwana ena onse."

Anamufotokozeranso kuti munthu amene wagwira masiku 240 m'chaka chomaliza sachotsedwa ngati ntchentche pa mbale. Amayenera chenjezo la mwezi umodzi ndi chipukutamisozi, ngakhale akhale waganyu. Tsiku lomwelo anamulembera dandaulo, Gopiram n'kudinda chala.

Ku ofesiko anayesa kumuyanjanitsa ndi akuluakulu a sukulu, zinakanika, ndipo nkhani inapita kukhoti la apantchito. Loya wa sukulu, bambo wa mimba yabwino, anathera zaka ziwiri pa mfundo imodzi: kuti malo ophunzitsira a boma si fakitale, choncho khotilo lilibe mphamvu. Kenaka anafunsa chifukwa chomwe munthu wolakwiridwa anakhalira chete chaka chonse. Gopiram anayankha akuyang'ana pansi:

"Ndinkadikira kuti bwana andikumbukire."

Ine ndinakaikira umboni kuti ndinkamuona tsiku ndi tsiku akulowa pageti kusanache. Loya atandifunsa ngati ndimadziwa kuwerenga, ndinati anthu ondimwera tiyi ndimawawerenga bwinobwino, ndipo loya mwiniyo ndamuonapo kawiri pa benchi langa.

Woweruza anagamula kuti sukuluyo ili pansi pa lamulo la apantchito, ndipo Gopiram abwerere pantchito yake. Malipiro a miyezi yomwe anangokhala chete sanamupatse. Chigamulo chinafika patatha milungu isanu ndi umodzi titatentha mtembo wa Sugna kumtsinje monga mwa mwambo wathu. Makiyi a kachipinda anakalandira yekha. Masana ake anaphikira alangizi makumi asanu ndi limodzi, ndipo palibe anadandaula za mchere.

Inu amene mumasesa, kuphika kapena kulondera m'malo a boma, musamve zoti lamulo la apantchito limathera pageti la fakitale. Oti anene ngati likukukhudzani ndi khoti, osati kalaliki. Akakuchotsani popanda chenjezo, pitani ku ofesi yoona za apantchito sabata yomweyo. Khoti limachedwa lokha kale, musalithandize kuchedwa.